Kuyimba ndi kujambula nyimbo za piyano, vayolini ndi chelo kuno ku Dedza

Nyimbo zimene zimatchedwa piano trio zimayimbidwa ndi anthu atatu okha: wa piyano, wa vayolini ndi wa chelo, chomwe ndi choyimbira chofanana ndi vayolini koma chachikulu, chimene woyimba amachiyimika pansi pakati pa mawondo ake n'kumachikwecha ndi uta. Palibe woyima kutsogolo kuti atsogolere monga zimakhalira m'kwaya, ndipo palibe ng'oma yosunga liwiro. Ine ndimayimba piyano, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikukumana ndi anzanga awiri kuno ku Dedza kuti tiphunzire nyimbo zamtunduwu ndi kuzijambula. Pa zonse zimene ntchitoyi yandiphunzitsa, chachikulu n'chakuti chojambulira chimangotenga zimene zili kale m'chipinda, kotero kuti ngati munthu wokhala pa benchi sakumva chelo, kompyuta siyidzachitulutsa pambuyo pake. Malangizo onse otsatirawa atsamira pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi kusankha nyimbo imene nonse atatu mungayikwanitse

Gulu latsopano liyambe ndi Joseph Haydn, amene analemba nyimbo za anthu atatu zoposa 40. Yodziwika kwambiri ndi ya mu G major, imene pa mndandanda wa Hoboken ndi XV:25, yomwe anailemba ali ku London mu 1795. Ili ndi zigawo zitatu, imatenga mphindi pafupifupi 15, ndipo chigawo chake chomaliza, chothamanga mwa kavinidwe ka ku Hungary, chimasangalatsa ngakhale munthu amene sanamvepo nyimbo zoterezi. Ubwino wa Haydn kwa oyamba kumene ndi wakuti chelo nthawi zambiri chimayimba zofanana ndi dzanja lamanzere la wa piyano. Analemba motero chifukwa piyano za m'nthawi yake zinali zazing'ono, zamatabwa opepuka, ndipo mawu ake apansi anali ofooka moti ankafunika kuwachirikiza. Popeza mwa zoyimbira zitatuzi chelo ndicho chili ndi oyimba ochepa kwambiri m'Malawi muno, ndipo mwina amene mwamupeza wayamba posachedwapa, nyimbo za Haydn zidzamupatsa mpata wozolowera kuyimba ndi anzake popanda kusenza katundu womulemera.

Mukakhwima pang'ono mukhoza kupita kwa Beethoven, amene ntchito yake yoyamba kupatsidwa nambala, Opus 1, yosindikizidwa mu 1795, inali nyimbo zitatu zamtundu womwewu. M'nyimbo zake chelo chimapatsidwa mawu akeake. Nyimbo ya Felix Mendelssohn ya mu D minor, Opus 49, ya mu 1839, imayamba ndi chelo chikuyimba nyimbo yayikulu piyano ikuchiperekeza chapansipansi, ndipo ndi yokoma kwambiri, koma mbali ya piyano ndi yovuta moti sindingalangize gulu kuti liyambire pamenepo. Chimodzimodzi ya Franz Schubert ya mu E-flat ya mu 1827, imene ndi yaitali zedi, ngakhale kuti chigawo chake chachiwiri pachokha mukhoza kuchiphunzira msanga. Mapepala a nyimbo zonsezi amapezeka kwaulere pa tsamba la pa intaneti lotchedwa IMSLP. Onetsetsani kuti nonse mwasindikiza kuchokera pa buku limodzi, ndipo musanakumane aliyense alembe ndi pensulo manambala a timagawo ta nyimbo totchedwa bar, kuti wina akati tibwerere pa 48, nonse mupeze malowo nthawi yomweyo.

Amene anaphunzira kuyimba kudzera mu solofa ya m'kwaya asachite manyazi kuyigwiritsa ntchito. Ife timayamba tayimba ndi pakamwa mizere itatuyo, zoyimbira zili pambali, ndipo pamenepo m'pamene aliyense amadziwa kuti nyimbo yayikulu ili kwa yani pa nthawi iti.

Konzani zoyimbira ndi kuzitchuna

Piyano yeniyeni ya nsambo ndi yosowa kuno, ndipo otchuna piyano ndi osowa kuposa piyanoyo. Ngati mwaipeza ku tchalitchi kapena kusukulu, ndipo ikufunika kusamutsidwa, isamutseni sabata limodzi kapena awiri tsiku lojambula lisanafike kuti matabwa ake azolowere mpweya wa m'chipinda chatsopano, kenaka itchunidwe dzulo lake la tsiku lojambulalo. Ikatchunidwa isasunthidwenso. Ngati zimenezi sizingatheke, piyano yamagetsi ya makiyi 88 olemera ngati a piyano yeniyeni, yokhala ndi chopondera, ndi yabwino kuposa piyano ya nsambo yosatchunidwa. Kiyibodi wamba ya makiyi 61 opepuka, yonga imene makwaya ambiri ali nayo, ikhoza kuthandiza pophunzira manotsi, koma siyilola zala kusiyanitsa bwino mawu ofewa ndi amphamvu, pamene moyo wa nyimbozi uli m'kusiyanako.

Nyengo ya Dedza imavutitsa zoyimbira zamatabwa. Tauni yathu ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600, ndipo kusiyana kwa chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa chilimwe n'kwakukulu. M'miyezi ya mvula matabwa amafufuma, zikhomo zomangira nsambo zimalimba, ndipo ubweya wa uta umalefuka. Kukauma zikhomo zimaterereka zokha, moti woyimba akhoza kutsegula bokosi m'mawa n'kupeza nsambo zonse zamasuka. Vayolini ndi chelo zisasiyidwe padzuwa, m'galimoto yotsekedwa kapena pafupi ndi mbaula. Nsambo zatsopano zimangidwe masiku asanu kapena sabata lathunthu musanajambule, chifukwa masiku oyamba zimatambasuka n'kumatsika mawu. Khalani ndi nsambo zapadera, makamaka ya E ya vayolini imene imaduka kawirikawiri, popeza ikaduka simudzaipeza mumsika wa pa boma.

Potchuna, wa piyano apereke A, yemwe pa piyano yotchunidwa mwa masiku ano amanjenjemera ka 440 pa sekondi, ndipo ndi bwino kumupereka pamodzi ndi D ndi F pansi pake kuti khutu limugwire msanga. Wa chelo atchune poyamba kuli zii, kenaka wa vayolini. Pali chinthu chimodzi chimene magulu ambiri amachiphonya. Woyimba chelo akatchuna ndi khutu kuchoka pa A kutsikira pa D, G mpaka C, nsambo yomalizayo imathera pansi pang'ono poyerekeza ndi C wa piyano, chifukwa piyano imatchunidwa mochepetsako pang'ono mipata ya pakati pa manotsi oterewa. Choncho akamaliza ayerekeze G ndi C wake ndi piyano, ndipo akweze pang'ono ngati kuli kofunika. Mu nyimbo za Haydn, mmene chelo ndi dzanja lamanzere zimayenda limodzi, kusiyana kochepa kumeneku kumamveka ngati kunjenjemera kosasangalatsa, ndipo maikolofoni amakugwira kuposa makutu a oyimba.

Khalani moti muzionana, ndipo wa piyano aphunzire kudziletsa

Mwambo wake ndi wakuti piyano imakhala kumbuyo, wa vayolini kumanzere kwa omvera pafupi ndi wa piyano, ndipo wa chelo kumanja, choyimbira chake chitapenya kwa anthu. Wa piyano azitha kuona mauta onse awiri pongotembenuza maso, chifukwa uta ndi umene umamuuza nthawi imene mawu ayambire. Pansi pa simenti, chitsulo choyimikira chelo chimaterereka, choncho pezani kathabwa koboola kokhala ndi chingwe chomangirira ku mwendo wa mpando. Thabwa lalikulu pansi pa woyimba chelo limathandizanso kuti mawu ake akule. Ngati piyano ndi yamagetsi, sipika yake ikhale pamalo pamene piyano ili, kumbuyo kwa oyimba awiriwo, ndipo musailumikize ku masipika akuluakulu a tchalitchi a m'makoma.

Apa ndilankhule ndi anzanga oyimba piyano, chifukwa vuto lalikulu la gulu lotere limakhala ifeyo. Piyano ya masiku ano ili ndi chitsulo cholemera m'kati mwake ndi nsambo zokokedwa mwamphamvu, ndipo ikhoza kumiza vayolini ndi chelo pamodzi wa piyano asakuzindikira n'komwe. Pamene pepala lalemba forte, kutanthauza kuti muyimbe mwamphamvu, lingalirani kuti Haydn ankamva mawuwo pa choyimbira chofooka kwambiri kuposa chanu. Pewani kupondereza chopondera nthawi yaitali, makamaka m'nyumba imene mawu amachedwa kutha, ndipo pepuzani dzanja lamanzere paliponse pamene chelo chikuyimba manotsi apansi. Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake n'kutseka chivindikiro cha piyano, koma kutero kumangophimba mawu kuti asamveke bwino, mphamvu yake ili pomwepo. Ndi bwino kuchitsegula, ngakhale pang'ono, n'kufewetsa zala. Tsiku loyamba limene tinadzijambula ndi foni pophunzira, ndinadabwa kumva kuti m'chigawo chonse chachiwiri mnzanga wa chelo ankangooneka kuti akuyimba, pamene ine ndinkakhulupirira kuti ndikuyimba motsitsa kwambiri. Kuyambira tsiku limenelo timajambula kuphunzira kulikonse, foni titaiika pa benchi lachisanu, ndipo timamvetsera tisanabalalike.

Poyamba chigawo, mmodzi ndiye amapereka chizindikiro, kawirikawiri wa vayolini kapena amene ali ndi nyimbo yayikulu. Amakoka mpweya moonekera mwa liwiro la nyimboyo, anzake amakoka naye, ndipo mawu amayamba potulutsa mpweyawo. Bwerezani kayambidwe kokhako kakhumi kapena kuposa mpaka muleke kudikirana. Dziwaninso kuti mawu a piyano amatuluka nthawi yomweyo chala chikagunda, pamene nsambo yokhuthala ya chelo imafuna kanthawi kuti iyambe kunjenjemera, choncho wa chelo ayambitse uta msanga pang'ono ndipo wa piyano asathamangire. Metronome ya pa foni, imene imagunda mosunga liwiro, igwiritseni ntchito pofufuza malo amene mukuthamanga mosadziwa, omwe nthawi zambiri ndi malo ovuta, kenaka muizime. Mukagwirizana chinthu, monga pamene muchedwetse kapena amene atsike mawu, aliyense alembe pa pepala lake pomwepo.

Ndimalangiza kuti musanajambule muyimbe nyimboyo pamaso pa anthu ngakhale kamodzi, kaya Mapemphero a Lamulungu atatha kaya pamaso pa ophunzira, chifukwa malo ofooka amene simunawaone amaonekera anthu akakhala patsogolo panu. Muwafotokozere mwachidule kuti nyimbo ili ndi zigawo zingati, ndipo akaomba m'manja pakati pa zigawo musakhumudwe, popeza omvera a m'nthawi ya Haydn ankachitanso chimodzimodzi.

Sankhani nyumba ndi nthawi

Lowani m'nyumba imene mukuiganizira, imani pamene oyimba adzakhale, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu, ndipo mvetserani. Ngati mawu atha pang'onopang'ono mosalala m'sekondi imodzi ndi theka kapena ziwiri, nyumbayo ndi yabwino. Ngati mwamva kulira kwa phaphapha kobwerezabwereza, ndiye kuti mawu akugundana pakati pa makoma awiri openyana, ndipo muyenera kupachika mabulangete pa limodzi la makomawo kapena kuimika matiresi. Zitenje n'zopyapyala kwambiri pa ntchito imeneyi pokhapokha mutazipinda kangapo. Kalasi yaying'ono yadenga lotsika imafinya mawu a piyano, ndipo tchalitchi chachikulu kwambiri chimasakaniza manotsi othamanga kukhala phala. Tchalitchi chapakatikati cha njerwa, chadenga lalitali ndi mabenchi amatabwa, ndicho chimene ndapeza kuti chimakomera zoyimbira zitatuzi.

Mukatero khalani chete mphindi zisanu pa ola lomwelo limene mukufuna kudzajambula, ndipo lembani chilichonse chimene mwamva. Nyumba yoyandikana ndi msewu wa M1 kapena wopita kuchipata cha malire a Mozambique siyingathandize, chifukwa kugunda kwa magalimoto akuluakulu kumadutsa m'makoma ndipo kumakhala m'dera lomwelo la mawu a chelo, moti pochotsa phokosolo mudzachotsanso chelo. Funsani nthawi imene chigayo chapafupi chimalira, imene belu limayimbidwa, ndiponso tsiku la msika pamene njinga za kabaza zimachuluka. Denga la malata lili ndi mavuto awiri: mvula ikagwa simungajambule chilichonse, ndipo dzuwa likamatentha kapena likamalowa malata amathetheka. Chifukwa cha zimenezi miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi yophunzirira. Mu Juni ndi Julayi zala zimauma ndi chisanu, ndipo musayese kuthetsa vutoli ndi mbaula m'nyumba yotsekedwa, chifukwa mpweya wa makala umapha. Bwerani ndi madzi ofunda m'fulasiki oti muzitenthetsa manja. Kwa ine Meyi ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino, madzulo mphepo itadekha.

Imikani maikolofoni

Maikolofoni awiri abwino oikidwa pamalo oyenera amakwanira. Njira imene ndimaikhulupirira ndi yotchedwa ORTF, imene inayambira ku wailesi ya dziko la France: maikolofoni awiri a mtundu wa cardioid, amene amatola kwambiri mawu ochokera kutsogolo kwawo, mitu yake itatalikirana masentimita 17, itapenya kumanzere ndi kumanja pa madigiri 110. Maikolofoni anu akakhala a mtundu wotchedwa condenser, amafuna mphamvu ya 48 V yochokera ku chojambulira, choncho onani kuti chanu chimaipereka. Ngati muli ndi chojambulira cha m'manja chokha, monga Zoom H4n kapena H5, maikolofoni ake omwe akhoza kugwira ntchito yabwino mukachiika pa sitandi. Yambani ndi mtunda wa mamita awiri ndi theka kuchokera kwa oyimba, kutalika mamita awiri, chitaweramira pang'ono pakati pa gululo. Jambulani mphindi imodzi ya malo amphamvu ndi mphindi imodzi ya malo ofewa, mvetserani ndi mahedifoni kunja kwa nyumbayo, ndipo sunthani sitandi theka la mita nthawi iliyonse. Mukamva kukwecha kwa uta ndi kupuma kwa oyimba mopitirira, bwererani m'mbuyo, ndipo mukamva nyumba kuposa zoyimbira, yandikirani. Ntchito imeneyi ikhoza kutenga ola lathunthu, ndipo ola limenelo silinatayike.

Chelo chikamveka chochepa, yambani ndi kusuntha munthu musanakhudze makina: mubweretseni kutsogolo masentimita 30 kapena 40, kapena bwezani piyano m'mbuyo. Pokhapokha zimenezi zitakanika m'pamene muwonjezere maikolofoni yachitatu, pafupifupi masentimita 60 kutsogolo kwa chelo, yosaloza m'kati mwenimweni mwa zibowo zake, ndipo posakaniza muyikweze pang'ono chabe. Piyano yamagetsi mukhoza kuijambulanso ndi waya ngati chojambulira chili ndi malo okwanira, koma mawu a pa waya okha amamveka ngati woyimbayo anali m'chipinda china, choncho agwiritseni ntchito pongowonjezera pa amene maikolofoni atenga m'nyumba.

Chojambulira chikhale pa WAV (mtundu wa fayilo yosunga mawu osawafinya), 24-bit, 48 kHz, zimene pa maikolofoni awiri zimadya pafupifupi gigabayiti imodzi pa ola. Oyimba ayimbe malo amphamvu kuposa onse, ndipo mutchere kuti muyezo wa kukula kwa mawu pa chojambulira ufike cha pa -12 dB basi. Zimani chilichonse chimene chimakweza ndi kutsitsa mawu pachokha, chifukwa chimakweza phokoso la m'nyumba nyimbo ikafewa n'kupondereza mawu ikakula. Gwiritsani ntchito mabatire atsopano ngakhale magetsi alipo, poyamba chifukwa akhoza kuthima pakati pa chigawo, kachiwiri chifukwa mawaya a magetsi nthawi zina amalowetsa kulira kwapansi kwa 50 Hz. Piyano yamagetsi ikhale ndi batire ndi inveta zodikira, koma jenereta ayi. Mafoni onse azimidwe, ndipo yesani mipando ndi chopondera ngati sizikulira.

Tsiku lojambula

Pezani munthu wachinayi wodziwa kuwerenga nyimbo kuti akhale ndi mahedifoni, pepala la nyimbo yonse ndi kope. Iyeyo ndiye anene mokweza dzina la chigawo ndi nambala ya ulendo uliwonse wojambula musanayambe, ndipo alembe manambala a bar amene panalakwika kapena pamene galu anauwa. Wa piyano akhale ndi wina womutembenuzira masamba, wovala zosakwakwaza, ndipo a zoyimbira za uta amate masamba awo motambasula kuti asatembenuze nyimbo ili m'kati.

Yimbani chigawo chonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza kawiri kapena katatu, osaima ngakhale wina ataphonya. Ulendo wathunthu uli ndi mpweya umodzi umene zidutswa zolumikiza sizingaupange, ndipo oyimba akale monga Cortot, Thibaud ndi Casals, amene anajambula Schubert mu 1926 kulibe njira yodulira ndi kumata, akumvedwabe mpaka lero. Mukasankha ulendo wabwino, bwerezani malo olakwika okha, kuyambira bar zinayi m'mbuyo ndi kupitirira bar zinayi kutsogolo, pa liwiro lomwelo ndi mphamvu yomweyo. Tchunaninso pakati pa maulendo, makamaka kunja kukamazizira. Nyimbo ikatha, aliyense akhale osasuntha, mauta ali m'mwamba, mpaka wa mahedifoni atawerenga masekondi khumi, popeza kutha kwa mawu m'nyumba ndi mbali ya nyimbo. Musapitirire maola atatu, ndipo musasunthe maikolofoni kapena mipando mpaka zonse zitatha. Ngati mudzapitiriza mawa, lembani ndi choko pansi pamene mwendo uliwonse unali. Musanatuluke, jambulani mphindi imodzi ya nyumbayo muli chete nonse, kuti idzaikidwe pakati pa zigawo.

Kukonza pa kompyuta

Usiku womwewo koperani zonse m'malo awiri osiyana, kenaka dikirani masiku awiri musanayambe kusankha, chifukwa khutu lotopa limangomva zolakwa. Pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity ndi yaulere ndipo imakwanira. Polumikiza zidutswa, dulani pang'ono chabe notsi yamphamvu ya piyano isanagunde, ndipo lowetsanani mbali ziwirizo mwachidule kwambiri kuti msoko usamveke. Pakati pa notsi yaitali ya vayolini pamavuta kulumikiza, choncho pewanipo. Musapanikize mawu ndi compressor kuti amveke mokweza ngati nyimbo za pa wailesi, ndipo chochotsa phokoso muchigwiritse ntchito mochepa kwambiri, chifukwa chikapyola vayolini imamveka ngati ikuyimbidwa m'madzi. Kwezani nyimbo yonse pamodzi kuti pamphamvu kwambiri pafike -1 dB, osati chigawo chilichonse pachokha, kuti chigawo chofewa chikhalebe chofewa.

Mvetserani pa mahedifoni, m'galimoto ndiponso pa sipika ya foni, popeza ambiri adzamvera pamenepo, ndipo pa foni chelo ndicho chimayamba kusowa. Sungani WAV ngati mbewu, ndipo yogawira anthu ikhale MP3 ya 320 kbps. Haydn anamwalira mu 1809 ndipo Mendelssohn mu 1847, kotero nyimbo zawo n'zomasuka kwa aliyense, koma kujambula kumene mwachitako ndi kwanu atatu, ndipo ndi bwino kulemberana pa pepala za umwini wake ndi kufunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, za kalembetsedwe musanaitumize ku wailesi. Pa dzina la fayilo lembani wopeka, nambala ya nyimbo, chigawo, mayina a oyimba, malo ndi tsiku. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati document, kuti fayilo ifike kwa wolandira mmene munaikonzera.